Wazisudzo Aphunzire Kudikira Yankho

Mafunso amene anthu amafunsa wophunzira zisudzo ku yunivesite ndi awiri, ndipo onse amanditopetsa. Makolo amafuna kudziwa kuti akamaliza adzadya chiyani. Oweruza mipikisano, amene ambiri adakulira m'zisudzo za ATEM kusekondale, amatchera khutu ku Chingerezi chake n'kumaona ngati waloweza mawu onse osaphonya. Palibe wofunsa chimene ine ndimayesera nacho wazisudzo: akaponya funso kwa oonerera, kodi amatha kutseka pakamwa n'kudikira yankho?

Lusoli si lachilendo ku Zomba. Mu 1976, pamene James Gibbs ankasonkhanitsa buku la Nine Malawian Plays, masewero a ophunzira a ku Chancellor College anali a Chingerezi, olembedwa papepala. Zinthu zidatembenuka mu 1981, Chris Kamlongera ndi David Kerr atatenga gulu la Travelling Theatre kupita nalo ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, kukapanga masewero kuchokera pa zimene anthu akumeneko ankadandaula. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 ntchitoyo idafika m'midzi yozungulira Liwonde, pa nkhani za zitsime, zimbudzi ndi matenda. Kumeneko ndiye kudakhwimira njira yotsegula sewero: nkhani ikafika povuta, wosewera amatembenukira kwa anthu, akadali munthu wa m'seweromo, n'kuwapempha nzeru. Kumbukirani kuti inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lidutse kaye ku Censorship Board. Nanga sewero limene theka lake likuchokera m'kamwa mwa oonerera, wofufuta ndi cholembera akadaligwira pati? Augusto Boal wa ku Brazil ankafika poitana woonerera kuti alowe m'malo mwa wosewera, koma ophunzira athu amamutchula kwambiri polemba mayeso kusiyana ndi kumuyesa pabwalo.

Tengani sewero lotere mupite nalo ku Mughese, m'mapiri a Misuku, kumene anthu amalima khofi ndi nthochi m'mphepete mwa nkhalango. Tiyerekeze kuti nkhani yake ndi iyi. Mwamuna walandira ndalama za khofi ku kopaletivi, ndipo wafika pakhomo madzulo ndi foni yatsopano, m'thumba muli mbee. Mkazi wake, amene adathyola khofiyo ndi kumusenza pamutu kukwera naye zitunda, waima ndi lichero m'manja. "Bambo ake Lusekelo, za fizi zili kuti?" Bambo akuyang'ana kumbali, akudinadina foni. Mkazi uja atembenukira kwa mayi wina amene wakhala pamphasa kutsogolo: "Amayi, mukadakhala inu mukadatani?"

Luso lonse lili pamenepa. Mayiyo sayankha msanga. Amaseka, amabisa nkhope m'chitenje, amaponya diso kumene kwakhala abambo, chifukwa mwina amuna ake ali pomwepo. Wosewera wosakhwima amaopa zii ameneyu, ndiye amadziyankha yekha kapena kuthamangira kwa munthu wina. Wokhwima amaima njii, lichero lili m'manja, nkhope ikupemphabe, osamwetulira kuti apepukitse zinthu. Akudziwa kuti mayiyo akuyeza ngati n'kotheka kulankhula pamaso pa amfumu ndi apongozi. Ndipo yankho likatuluka, kawirikawiri silikhala limene gulu lidakonzekera. Mwina anena kuti, "Ine ndikadabwerera kwathu." Mwinanso anena kuti, "Munda ndi wawo, ndalama n'zawo." Lachiwirili limapweteka, koma wosewera alibe chilolezo cholikonza. Alitole mmene lilili, apite nalo kwa mwamuna wa m'sewero uja, ndipo iyeyo alilandire ndi manja awiri: "Wamva? Ngakhale amayiwa akudziwa!" Mukatero muona bwalo likugawikana, agogo wina akudzuka ndi ndodo yake osaitanidwa, achinyamata kumbuyo akutsutsa mokweza. Ine ndikaona zimenezi tsitsi limandiima. Palibe mlembi, kaya aluse bwanji, amene angalembe mphindi yoteroyo ali m'chipinda.

Kudikira kumeneku n'kosiyana ndi kuja kwa Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu, amene ankadziwa bwino kulekerera phwete kuti lithe asanaponye mawu ena. Iwo ankadziwa chobwera kutsogolo, pamene wotsegula sewero sadziwa. Du Chisiza Jr., amene adayambitsa Wakhumbata mu 1987, anali ndi mawu ogwedeza holo yonse, koma ntchito ya oonerera ake inali kuomba m'manja. Za magetsi a pasiteji ndi nsalu zotchinga sindikambapo, pabwalo la masana palibe pozikoleka.

Chondikwiyitsa n'chakuti njira yabwinoyi yasanduka chizolowezi chopanda moyo. Masewero ambiri a mabungwe amene amayenda m'midzi masiku ano amafunsadi mafunso, koma a mtundu uwu: "Kodi zimene achita bambowa n'zabwino?" Anthu onse: "Ayiii!" Zili ngati ana a sitandade 1 akuyankha aphunzitsi. Funso limene yankho lake mwabwera nalo kale m'chikwama si funso, ndipo anthu akumudzi amazindikira msanga. Amayankha zimene mukufuna kuti mumalize, alandire masikipa, abwerere kumunda. Kenako wina amalemba lipoti loti anthu adatenga nawo mbali.

Mughese ali ndi chovuta china chimene ndimachikonda. Kunyumba anthu amalankhula Chisukwa ndi Chindali, Chichewa n'cha kusukulu ndi pawailesi. Mayi uja akakhudzidwa kwenikweni, yankho lake lidzatuluka m'Chisukwa. Wophunzira wochokera ku Mulanje kapena ku Dedza adzatani? Akaitana womasulira kuti aime pakati, moto wazima. Njira yake n'kufika kukadali masiku, kugona m'mudzimo, kusewera limodzi ndi achinyamata akomweko, kugwira mawu ochepa ofunika, ndi kuzolowera kumva munthu poyang'ana mapewa ndi manja ake. Adziwenso kuti kuno mkazi ndiye amakakhala kwa mwamuna, choncho mawu oti "kubwerera kwathu" ndi olemera mosiyana ndi kumene kuli chikamwini.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi odandaula kuti wophunzira zisudzo ku Zomba amataya nthawi ndi maphunziro ena, monga mbiri yakale, ziyankhulo ndi za chikhalidwe cha anthu, m'malo mongokhalira kuyeserera. Amafuna sukulu yongosula mawu ndi thupi. Koma amene sadziwa kuti munda ndi wa yani, kuti cholowa chimayenda bwanji, kuti chiyankhulo chimodzi chidakwezedwa bwanji pamwamba pa zinzake mu 1968, adzafunsa funso lolakwika kwa munthu wolakwika, ndipo bwalo lidzangomuyang'ana mwaulemu. Maphunziro enawo ndiwo amamuuza woti amufunse, ndi nthawi yoti asafunse n'komwe. Makolo aja angatonthozedwenso pang'ono: mabungwe monga CRECCOM ndi Story Workshop akhala akugwira ntchito ndi zisudzo kwa zaka zambiri, ndipo munthu wodziwa kumvetsera sasowa pomufuna.

Ndikadakhala ndi mphamvu, mayeso a chaka chomaliza sakadachitikira mu Great Hall. Ulendo wochoka ku Zomba kukakhota pa Kapoka n'kukwera ku Misuku ndi wodula, ndipo nthawi ya mvula msewu wake umavuta, koma ophunzirawo ndikadawatumiza ndithu. Woyesa akhale kumbuyo pakati pa anthu, asalembe za zovala kapena katchulidwe ka mawu. Alembe kuti ndi angati adalankhula osafunsidwa, angati mwa iwo anali amayi, ndipo adalankhula m'chiyankhulo chanji.