Gitala Yolusa pa Kasipika ka Foni

Nyimbo za rock ndi metal anazipangira zimasipika zazitali kuposa munthu, zodya magetsi okwana kuyatsa mudzi wonse. Kuno ku Mecanhelas zimatifika zitapanikizidwa m'kamemori khadi, n'kumalira pa foni yotchajidwa ndi sola. Anzanga a ku Nampula ndi ku Blantyre, amene ali ndi zoimbira zapamwamba, amandimvera chisoni akaona chimene ndimamvetserapo. Sindiwatsutsa kuti ndikumanidwa zambiri. Komabe kasipika ka foni kamaweruza mosakondera: nyimbo yokhala ndi msana imapulumuka, yodalira phokoso lokha imafera pomwepo.

Mukapita kwa mnyamata wa kompyuta pamsika ku Insaca kapena ku Entre Lagos kuti akuikireni nyimbo, mupeza za Lucius Banda, Black Missionaries, makwaya, amapiano ndi za ku Tanzania. Rock simuipeza pamenepo. Imabwera ndi mphunzitsi wochokera ku Cuamba, kapena wachibale wodutsira pa Nayuchi, ndipo mumapatsirana pa Bluetooth mutakhala pakhonde. Kawirikawiri nyimboyo ilibe dzina, ndi "Track 07" basi. Palibe chithunzi cha azungu atsitsi lalitali, palibe chaka, palibe wokuuzani kuti gulu ili ndi lotchuka ndiye muyenera kulilemekeza. Nyimbo zambiri ndinazidziwa pamtima ndisanadziwe eni ake. Khutu limagwira ntchito lokha, ndipo zimene silinakonde chala chimafufuta kuti malo apezeke.

Chimene foni imachita ndi kudula mawu onse apansi. Besi imasowa, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi imangoti phaphapha. Zotsala ndi mawu a woimba, ng'oma yaing'ono yapakati, ndi gitala. Chodabwitsa n'chakuti gitala ya rock imamvekabe yolemera ngakhale itadulidwa chonchi, ndipo chifukwa chake chili m'kulusa kwake komweko. Ampulifaya ikapatsidwa mphamvu yopyola muyezo wake, imalephera kutulutsa liwu losalala. Imaliphwanya, ndipo pamwamba pa liwu limodzi lija pamabadwa timawu tambirimbiri tokwera. Timawuti ndi timene timadutsa pa kasipika, ndipo khutu likatimva limadzimangira lokha liwu lapansi limene kulibe. Kalekale amisiri ojambula nyimbo ankakuona kuphwanyika kumeneku ngati vuto. Mu 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks anatenga lezala n'kucheka pepala la sipika yake kuti ilire mosasa, ndipo ndi liwu limenelo anajambula "You Really Got Me". Kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akugula ndi ndalama zimene iye anachita ndi lezala.

Kulusaku kuli ndi mtengo wake. Mukakhwatcha nsambo zonse 6 pa gitala yolusa, timawu tija timamenyana n'kusanduka matope. Choncho oimba anaphunzira kugwira nsambo ziwiri kapena zitatu zokha, zimene mawu ake amagwirizana kwambiri. Atamanidwa chonchi kukoma kwa mawu ambiri, luso lonse linathawira ku chinthu chimodzi: riff, kachidutswa kakafupi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa, kamene nyimbo yonse imaimapo. Ya "Smoke on the Water" ya Deep Purple, ya m'chimbale cha Machine Head cha 1972, ili ndi manoti anayi okha, ndipo mwana angaiphunzire dzuwa lisanalowe. Koma mvetserani mmene woimba gitala wawo, Ritchie Blackmore, amakolera nsambo ziwiri nthawi imodzi m'malo mozikhwatcha, kenako n'kuzigwira kuti zileke kulira. Ophunzira ambiri amapeza manotiwo koma saima pamene iye amaima, ndiye zimamveka ngati nyimbo ina.

Amene ndimabwererako kwambiri ndi Tony Iommi wa Black Sabbath. Ali ndi zaka 17, pa tsiku lake lomaliza pa fakitale ya malata ku Birmingham, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, ndipo popeza ndi wamanzere, limenelo ndilo dzanja lopsinja nsambo. Anasungunula botolo la pulasitiki n'kuumba tizipewa tovala kunsonga za zalazo, natimata chikopa kuti tisaterere. Anasankha nsambo zopyapyala, zina za banjo, kuti zisamamupweteke. Pofika pa chimbale cha Master of Reality mu 1971 anali atamasulako nsambo kuti zikhale zolefuka ndi zolira pansi. Ikani "Into the Void" mumve zotsatira zake: noti iliyonse imakhala ngati ikutsetsereka pang'ono isanakhazikike, chifukwa nsambo yolefuka imapindika ndi kukhudza kochepa. Bill Ward pa ng'oma sathamangira kutsogolo, amatsalira pang'ono, ndipo kutsalirako ndiko kumalemeretsa nyimbo. Magulu ochuluka abwera pambuyo pake ndi zala zathunthu ndi zida zodula, koma owerengeka okha ndiwo anamvetsa kuti kulemera kumachokera m'kudekha.

Ndi AC/DC nkhani yake ndi mpata. Pa "Back in Black" ya 1980, gitala imamenya, n'kukhala chete, ng'oma imagwera m'chetemo, gitala imabweranso. Aliyense amene anaonapo amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi akudziwa lamulo lake: munsi wina ukamatsika, wina uli m'mwamba, ndipo akangotsitsa pamodzi ntchito yaima. Anthu amatama Angus Young wovala kabudula wa sukulu uja, koma mwini nyimbozo ndi mkulu wake Malcolm, amene ankaima kumbuyo pafupi ndi ng'oma, dzanja lake lamanja likudziwa nthawi yoleka.

N'chifukwa chake sindikhulupirira onena kuti nyimbozi n'zachilendo kotheratu kwa khutu lathu. Ife tinakulira pa kachidutswa kobwereza. Ng'oma za tchopa, gule wa Alomwe, sizisintha mutu mphindi iliyonse. Zimazungulira pamodzimodzi mpaka thupi litagonja. Alan Namoko wa ku Thyolo, ndi banjo yake ndi anyamata a Chimvu River Jazz Band, ankamanga nyimbo yathunthu pa kachidutswa kamodzi, mawu ake osasa akukwera pamwamba pake. Sindikuti Iommi anaphunzira kwa Alomwe, ayi. Njira yake inadzera kwa anthu akuda a ku America ndi blues yawo: "When the Levee Breaks" imene Led Zeppelin anaijambula mu 1971, ng'oma za John Bonham zikugunda m'chipinda cha makwerero ku Headley Grange, ndi nyimbo ya Memphis Minnie ndi Kansas Joe McCoy ya 1929. Chimene ndikunena n'chakuti munthu wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta safunika kuphunzitsidwa kudikira kuti riff ibwererenso.

Umboni wake uli ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka, atamva Jimi Hendrix, The Rolling Stones ndi Black Sabbath yemweyo, anapanga zawo zimene lero zimatchedwa Zamrock. Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, magulu anachuluka. Kunali WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda ndi chimbale chawo Lazy Bones!! cha 1975, kunali Amanaz ndi Africa chaka chomwecho, kunali Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Kenako mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zogulira zimbale zinasowa, Edzi inatenga oimba ambiri, ndipo nyimbozo zinaiwalika mpaka kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles itayamba kuzitulutsanso.

Pa onsewa wanga ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, ndi gulu lake la Ngozi Family. Day of Judgement ya 1976 ndi 45,000 Volts ya 1977 sizinajambulidwe mwaukhondo. Gitala ndi yopyapyala, yoluma, kulusa kwake kotsegulidwa mpaka kumapeto. Ng'oma za Chrissy Zebby Tembo n'zouma ndipo nthawi zina zimathamangira kutsogolo. Chingelezi cha Ngozi n'chopunduka, ndipo nyimbo zina zimatha ngati tepi yangowathera. Munthu wozolowera zosalala za ku London anganene kuti ndi ntchito yosamaliza. Koma pa foni, pamene zimbale zodula zimataya theka la thupi lawo, za Ngozi sizitaya kanthu, chifukwa zonse zimene ali nazo zili pakatikati pomwepo.

Chachikulu chimene Ngozi anakwanitsa ndi kuimba chilankhulo chathu pamwamba pa gitala yotere, ndipo si chapafupi. Mawu ambiri achingelezi ndi aafupi ndipo amatha modukiza, moti woimba angawadule pamodzi ndi nsambo. Athu amatha motseguka, amakoka pa phatikizo lotsatana ndi lomaliza, ndipo ali ndi kukwera ndi kutsika kwawokwawo kumene mukakupotoza tanthauzo limasokonekera. Muwakakamize kugwa pamene riff ikugwa, amamveka ngati akuyankhula mlendo. Ndamvapo achinyamata akuyesa, zikumveka ngati Chichewa chavala nsapato za mwini. Ngozi samenyana ndi riff. Mu "Kumanda Kwa Bambo Wanga" ndi "Nizakupanga Ngozi" mawu amayenda mmene munthu wa mu komboni ya Lusaka amayankhulira, pafupifupi kungokamba mokweza, gitala n'kumavomera. Ndi kutsogola ndi kuvomera kwa pabwalo, kungoti wovomerayo ndi nsambo ya magetsi. Ngozi anamwalira mu 1989. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga mawu ake a mu "Nizakupanga Ngozi" n'kuwaika mu nyimbo yake "Noid", ndipo achinyamata ena kuno anamva Chinyanja cha Ngozi koyamba kudzera kwa iyeyo.

Metal yothamanga ndimaisankha ndi dzanja louma. "Master of Puppets" ya Metallica ya 1986 ndimaisunga, chifukwa James Hetfield amatsamiritsa chikhatho pa nsambo n'kuzisandutsa ng'oma, ndipo ngakhale pa liwiro limenelo noti iliyonse ili ndi malire ake. Death Magnetic yawo ya 2008 ndinafufuta: anaikweza mawu pojambula mpaka yonse inafanana, popanda pokwera kapena potsika, ndipo ngakhale okonda gululo kwawo komweko anadandaula. Oimba obangula kukhosi ndimawalemekeza, ndikudziwa kuti ku Botswana kuli magulu ngati Wrust ndi Overthrust amene amachita zimenezi mozama, koma pa kasipika kanga zimangosanduka mkokomo. Ndipo woimba gitala amene amathamangitsa zala mphindi zitatu kuti tione kuti amatha, ameneyo ndimamudumpha.

Za usatana ndatopa kuziyankha. Mayi wina wa ku tchalitchi kwathu atamva "War Pigs" ya Black Sabbath anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi mukupembedza nazo ndani?" Ndinawauza kuti wolemba mawu ake, Geezer Butler, anakulira m'banja la Chikatolika, ndipo nyimboyo, ya mu 1970, ikudzudzula akuluakulu amene amayambitsa nkhondo n'kutumiza ana a amphawi kukafa. Mayiwo anathawapo nkhondo ya zaka 16 ya m'dziko muno, n'kukakhala kutsidya ku Malawi mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Anandiuza kuti ndiyibwereze. Nyimboyi inamangidwa ngati za Ngozi: kachitsulo ka pa ng'oma kakuwerenga nthawi, Ozzy Osbourne akuimba yekha popanda chomuthandiza, kenako gitala ndi besi zikumenya kawiri n'kutsekanso pakamwa. Mayiwo Chingelezi sachidziwa, koma pofika ndime yachiwiri ankadziwa pamene kumenya kuwiriko kugwere, ndipo ankagwedeza mutu pa nthawi yake. Atamaliza anati woimbayo mawu ake ndi oipa, sangalowe kwaya, koma womenya ng'omayo ndi munthu wodziwa ntchito.