ZA MASEWERA A NKHONDO ZAKALE A PA LAMYA YA M'MANJA

Pa msonkhano wa makolo ku sukulu kwathu, mkulu wina wa mpingo anaimirira nati, "Aphunzitsi, anyamata athu angokhala cete pansi pa mtengo, maso ali pa lamya ya m'manja, ndipo tikawafunsa ati alikumenya nkhondo ya Ajeremani. Kodi imeneyi si njuga? Nanga tiwaletse?" Ife sitinayankhe msanga, pokumbukira kuti safunsa anadya phula. Tinabwereka lamya, ndipo mnyamata wina anatilangiza maseweredwe ace. Tinasewera madzulo ambiri kufikira tinazindikira mtima wa masewerawo. Tsono lero tifuna kupereka yankho lathu kwa abale onse owerenga.

Poyamba tinene kuti si njuga ai, pakuti palibe cikole ca ndalama. Afanana ndi bawo. Pa galasi la lamya paoneka mapu a dziko, ogawidwa m'tizigawo tonga ta cisa ca njuci, ndipo m'tizigawomo muli magulu a asilikari, mizinda ndi zombo. Wosewera asuntha magulu ace onse, nalindira. Pamenepo mdani, amene kawirikawiri ndiye makina a m'lamya momwemo, asunthanso ace. Cotero asewera molandizana mpata, ndipo wopambana si wa zala zaliwiro, koma woganiza patali.

Tichule awiri kapena atatu. Anthu a EasyTech, a ku China, anapanga European War 6: 1914, wonena za nkhondo yaikuru yoyamba, ndi World Conqueror 4, wonena za nkhondo ya 1939 kufikira 1945, momwe mnyamata alamulira akazembe a nkhondo monga Rommel ndi Zhukov. Wina wochuka koposa ndiye Civilization. Woyamba wace anaturuka mu 1991, wopangidwa ndi Sid Meier wa ku America; wacisanu ndi cimodzi, Civilization VI, anaturuka mu 2016, naikidwa pa iPad mu 2017, pa iPhone mu 2018, ndi pa lamya za Android mu 2020. M'menemo munthu atenga mtundu umodzi wa anthu kuyambira zaka 4000 asanabadwe Ambuye, nauyendetsa mipata 500 kufikira caka ca 2050, alikumanga mizinda, kulima, kucita malonda ndi kumenya nkhondo.

Masewera otere sanayambe ndi lamya. Mu 1824 msilikari wa ku Prussia, dzina lace Georg von Reisswitz, anaonetsa akuru a nkhondo a kwao masewera ochedwa Kriegsspiel, a pa mapu, okhala ndi tizidutswa tofiira ndi tobiriwira toimira magulu, ndi munthu woweruza pakati. Nchito yace inali kuphunzitsa akazembe. Ndipo Prussia atagonjetsa France mu 1871, maiko ena anatengera masewerawo. Ici ticisunge mumtima: kucokera pa ciyambi anapangidwa kuti munthu aone nkhondo ndi maso a kazembe wokhala kutali, amene samva kulira kwa olasidwa.

Tisawanamizire, zabwino zirimo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo masewerawa aphunzitsa kudekha kumeneko. Mnyamata amene athamangira kuputa mnansi asanamange nkhokwe ndi malinga, agonja msanga, nacita manyazi. Ulendo wina ayamba wakhala pansi ndi kuwerenga. Ndiyo nzeru yomwe ija tiiwerenga pa Luka 14, ya mfumu ya anthu 10,000 imene iyamba yalingalira isanakomane ndi mfumu ya anthu 20,000. Tinaonanso kuti mwana amene sanadziwe kumene kuli Danube kapena Suez, tsopano aloza ndi cala osaphonya, nafunsa kuti Napoleon anali yani. Mphunzitsi aliyense akondwera ndi mwana wofunsa. Pa ici tiyamika opangawo, pakuti mapu ao ngokongola ndi malamulo ao ngolongosoka.

Koma mlandu wathu ndi uwu: masewerawa adzicha a mbiri yakale, pamene mbiri imene afotokoza ndi ya mafumu okhaokha. Wosewera akhala pa mpando wa mfumu, ndipo anthu onse asanduka ciwerengero. Gulu la asilikari likakanthidwa, nambala itsika, cithunzi cizimirira, mpata nupita kwa wina. Palibe maliro, palibe wamasiye, palibe munda wogonera. Ndipo likafa gulu lokondedwa, wosewera angobwerera pamene anasungira masewera ace, nayambanso, akufa aja ali amoyo.

M'Malembo muli mfumu imene inasewera cotero ndi munthu weniweni. Pa 2 Samueli 11, Davide anakhala ku Yerusalemu nkhondo iri ku Raba, nalembera Yoabu kalata kuti aike Uriya pamalo poopsa. Anasuntha munthu monga njere ya bawo, kucokera kutali, wosaona mwazi. Koma Mulungu anatuma Natani, ndipo Natani sananene za mapu kapena za malinga; ananena za munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa kace kamodzi. M'masewerawa mulibe Natani.

Ife a dziko lino tidziwa cimene mapu otere abisa, pakuti nkhondo ya 1914, imene anyamata aisewera, inafika kwathu, ndipo makolo anaicha nkhondo ya Ciwaya. Anamenyana ku Karonga mu September 1914, ndipo kazembe wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, sanatule zida kufikira pa 25 November 1918, ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala. M'zaka zimenezo Nyasaland inapereka asilikari ngati 19,000, koma amtengatenga ngati 200,000. Kunalibe miseu yokwanira, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinali kufa ndi kashembe. Tsono ufa, zipolopolo ndi mahema zinayenda pa mitu ya anthu. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi malungo, ndipo kumudzi minda inasowa olima. Koma pa lamya gulu la nkhondo liyenda ndi cala cimodzi, losadya nsima, lopanda wolisenzera katundu. Ngakhale m'masewera ena amene awerengera za kamba wa asilikari, kambayo ndi mzere cabe wolembedwa pa mapu. Mnyamata angathe kupambana nkhondo yonse ya 1914 osadziwa kuti agogo a agogo ace anali momwemo, mtolo uli pamutu.

Cinthu caciwiri ndi mkhalidwe wa midzi yaing'ono. Mu Civilization VI muli timidzi ta anthu opanda mfumu yochuka. Mzondi wako akalowa m'kamudzi kotere, ulandira mphatso, kapena golidi, kapena nzeru yatsopano, ndipo kamudziko kafafanizika pa mapu nthawi yomweyo. Kumene anapita eni ace, palibe wofunsa. Anthu ena a kuthengo acedwa akunja olusa, ndipo nchito yao ndi kuphedwa basi. Dziko lonse lotsala liyesedwa lopanda mwini, lolindira woyamba kufika ndi mbendera. Abale, si maganizo omwewo kodi amene anali nao akuru a ku Ulaya pa msonkhano wa ku Berlin mu 1884 ndi 1885, pokambirana za Afrika popanda Mwafrika mmodzi m'nyumbamo?

Wina adzati, "Koma mafumu a Afrika alimo." Inde alimo, ndipo tikondwera kuwaona: Mansa Musa wa ku Mali, Menelik wa ku Ethiopia, ndi Shaka wa Azulu, amene anamuonjezamo mu 2018 pamodzi ndi impi zace. Koma Shaka wa pa lamya ndiye mphamvu ya kugonjetsa yokha. Za mitundu imene inabalalika m'masiku ace, masewerawo sanena kanthu. Sanena za Zwangendaba ndi anthu ace, othawa iwonso, amene anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa; sanena za Acewa amene pambuyo pace anasiya madambo ao nakabisala m'mapiri, monga anthu a Mazengera pa phiri la Nkhoma. Lero zidzukulu za othamangitsa ndi za othamangitsidwa zikhala pa mpando umodzi m'nyumba ya Mulungu, ndipo mbiri ya ciyanjano cimeneco iposa mbiri ya mikondo. Koma iribe nambala, tsono pa lamya siioneka.

Cacitatu cikhudza ife Akristu makamaka. M'masewera omwewo cikhulupiriro ciwerengedwa monga ndalama: ucikundika, nugula naco amishoni ndi atumwi. Atumwi a zipembedzo ziwiri akakomana, aponyerana mphezi kufikira wina atagwa. Ndipo amene cipembedzo cace cifalikira m'mitundu yonse ndiye wapambana, monga wolanda mizinda ndi mfuti. Kulapa mulibe, kukhululukira mulibe; kutembenuka mtima kwasanduka kulanda dziko.

Ndipo pali lamulo lina limene mfumu ikhoza kusankha, lochedwa Triangular Trade, lopatsa golidi 4 ndi cikhulupiriro 1 pa ulendo uliwonse wa malonda. Dzina limenelo ndilo la malonda aja a mbali zitatu: katundu kucokera ku Ulaya kunka ku Afrika, akapolo kucokera ku Afrika kunka ku America, shuga, thonje ndi fodya kubwerera ku Ulaya. Anthu oposa 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo pa malonda amenewo. Pa lamya paoneka phindu lokha, unyolo suoneka. Codabwitsa ncakuti m'masewera momwemo muli Mvemba a Nzinga, mfumu ya Kongo, wochedwanso Afonso, Mkristu amene mu 1526 analembera makalata mfumu João III ya ku Portugal, kudandaula kuti ogula akapolo alikutha anthu a dziko lace. Mnyamata angathe kusewera monga Afonso, nasankha lamulo lomwe lija Afonso analira nalo, ndi kulandirapo cikhulupiriro.

Tiwacenjezenso makolo pa za cuma ndi nthawi. Ambiri a masewerawa alowa m'lamya kwaulere, koma pambuyo pace apempha ndalama. Civilization VI ya pa lamya inalola mipata 60 yaulere, yotsalayo yogula. Ndipo m'masewera a EasyTech akazembe ena amphamvu agulidwa ndi ndalama zenizeni. Pa bawo wosauka ndi wolemera ayamba ndi njere zofanana, ndipo dzuwa likalowa onse amwazikana. Koma lamya iri ndi kuunika kwace, ndipo mau akuti "mpata umodzi wokha, ndigone" anatifikitsa ife tomwe pa kulira kwa tambala, ngakhale tiri ndi imvi. Ngati mphunzitsi anakodwa cotero, nanga mwana?

Tsono yankho lathu kwa mkulu uja ndi ili. Kuwaletsa konse sitikuona kwanzeru, pakuti coletsedwa cicitidwa mseri, ndipo bawo sitinaliletse ngakhale m'menemonso muli kudyerana. Koma pakhale malire: nchito ya kumunda ndi ya sukulu iyambe yatha, tsiku la Sabata lisungidwe, ndipo ndalama ya sopo ndi mcere isagule kazembe wa pa galasi.

Coposa zonse, musamsiye mwana yekha ndi mapu ace. Khalani naye pa mphasa, akuonetseni nkhondo yace, mumyamikire pamene wacita mwanzeru. Ndipo pamenepo mumfunse mafunso amene lamya sifunsa. Asilikari awa adya ciani lero, ndipo wasenza ndani? M'mzinda uwu walandawu munali anthu angati, ndipo agona kuti usiku uno? Kamudzi kaja kanakupatsa golidi, dzina lace nciani? Ngati pa mudzi pali nkhalamba imene inamva za mtengatenga kwa atate ace kapena kwa agogo ace, mumtume mwanayo akamve, nalembe m'kope lace maina a anthu a pa mudzi amene anapita osabwera. Ife tinayesa ici m'kalasi mwathu, ndipo mnyamata yemwe uja anatilangiza masewera anabwera ndi dzina limodzi la kwao kwa amai ace, limene sanalimvepo ndi kale lonse.

Masewera akhale masewera, atiphunzitse kudekha ndi kuwerenga mtengo wa cinthu tisanaciyambe. Koma mbiri ya anthu tisaiphunzire kwa iwo, pakuti aiona kucokera pa mpando wa Davide, ndipo ife tiitanidwa kuiona monga anaionera Natani. Makolo athu ananena kale kuti ndeu simanga mudzi. Ndipo iwo sanaphunzire mau amenewa pa mapu ai, koma pa manda a m'mbali mwa njira.