Kamunthu Kochotseka Mutu

Tikanena mosapsatira, kamunthu ka LEGO sikanaumbidwe bwino. Mutu wake ndi waukulu mosagwirizana ndi thupi, khosi silioneka, mawondo sapindika, ndipo m'malo mwa zala kali ndi ngowe ziwiri zongokhala zili yasa. Kutalika kwake ndi masentimita 4 basi. Mmisiri wosema ziboliboli atakaona akhoza kupukusa mutu. Komabe ku Ulaya, ku America ndi kwina kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amathera madzulo atazungulira tebulo, dayisi ili m'manja, akumenyanitsa tizidole timeneti potsatira malamulo olembedwa. Anthu amenewa anaona chinthu chimene osonkhanitsa tizidoleti ambiri, ngakhalenso kampani yeniyeniyo nthawi zina, amachiphonya: ubwino wa kamunthuka wagona poti kamaphwasuka.

Kanatuluka mu 1978 ku Billund, m'dziko la Denmark, ndipo amene anatsogolera ntchito yokakonza anali Jens Nygaard Knudsen. Mu 1975 kampaniyo inali itayesapo tizidole topanda nkhope, ta manja omatirira kuthupi ndi miyendo yosayenda. Chimene Knudsen ndi anzake anawonjezera si kukongola ayi, koma malo olumikizira. Mutu umalowa pakhosi n'kuzuka. Chifuwa chimakhala pachiuno n'kuchoka. Pamwamba pa mutu pali kabatani kofanana ndi timabatani ta panjerwa, ndiye chipewa, tsitsi kapena chisoti zimakhazikika pomwepo. Dzanja limagwira chilichonse chimene chogwirira chake n'chonenepa mamilimita 3 ndi pang'ono, kaya ndi lupanga, kapu, fosholo kapena nsomba. Kunsi kwa mapazi ndi kuseri kwa miyendo kuli mabowo, kuti kaziima kapena kukhala pansi panjerwa osagwa. Miyeso imeneyi sanaisinthe. Mutu wa wapolisi wa mu 1978 umalowa bwinobwino pakhosi la kachidole kogulidwa chaka chino.

Masewera a nkhondo za patebulo ndi akale kuposa pulasitiki ya ku Billund. H. G. Wells anasindikiza malamulo ake a Little Wars mu 1913, a tiasilikali tachitsulo ndi timizinga toponya timitengo. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons, masewera amene wosewera aliyense amayendetsa munthu mmodzi m'nkhani, ndipo Warhammer inabwera mu 1983. Mwambo wa masewera amenewa ndi wa guluu ndi penti. Umagula msilikali, kumumata, kumupaka utoto ndi burashi yopyapyala, mwina kwa masiku angapo. Akauma, watha. Ngati anaumbidwa atakweza nkhwangwa, adzakhala chikwezere nkhwangwayo mpaka kalekale. Tsono munthu wa mu Dungeons & Dragons amasintha nkhani ikamayenda. Nkhwangwa ija imathyoka, amatola uta, amavala chovala cha mdani amene wamugonjetsa. Papepala zonsezi zimalembedwa, koma patebulo chidole chija chimanamabe, chili chigwirire nkhwangwa imene inatayika kalekale m'nkhanimo.

Kamunthu ka LEGO sikanama choncho. Umangosolola nkhwangwa m'dzanja n'kulowetsamo uta, ndipo aliyense amene ali patebulopo waona ndi maso ake, popanda wofunsa kuti paja mnzathuyu wanyamula chiyani. Pa bawo njere zonse n'zofanana, nzeru yonse ili pa dzenje limene njere yagwera. Apa kachidole kamayenda ndi mbiri yake pathupi: chimene kagwira, chimene kavala, chimene kataya.

Amene anamvetsa zimenezi mpaka kupyola muyeso ndi Mike Rayhawk, mwini wa BrikWars, masewera amene anayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo malamulo ake amapezeka ulere pa intaneti. Mu BrikWars khoma likaombedwa ndi mzinga umaligumuladi ndi zala, njerwa n'kumwazika pabwalo, zidutswazo n'kusanduka pobisalira wina. Msilikali akaphedwa amatha kumuzula mutu kapena mkono n'kuusiya pomwepo. Malamulo ake analembedwa mwanthabwala, moseka anthu amene amasewera nkhondo za tizidole nkhope zili ndwii. Chilema chake n'chakuti chipwirikiti chimanyanya. Asilikali akachuluka, wosewera mmodzi amatha nthawi yaitali akusuntha ake, anzake akuyasamula, ndipo kawirikawiri wopambana amakhala amene dayisi yamukonda tsikulo. Kwa Rayhawk chipwirikiticho ndiye masewerawo, koma si aliyense angapirire nacho mpaka usiku.

Kwa ine lamulo lolongosoka kwambiri pa masewera onse a njerwazi lili mu Mobile Frame Zero, ya Vincent Baker ndi Joshua A. C. Newman, yotuluka mu 2012. M'menemo simukhala tianthu koma timaloboti tomanga wekha. Chiwalo chilichonse chimene wamangirira pa loboti chimakupatsa dayisi ya mtundu wake: chida chimapereka yofiira, chishango yabuluu, zothamangira yobiriwira, zoonera patali yachikasu. Loboti ikalasidwa umathothola chiwalo chimodzi, dayisi yake n'kupita nacho limodzi. Kuti udziwe mphamvu zimene mdani watsala nazo, umangomuyang'ana.

Chodabwitsa n'chakuti kampani ya LEGO itayamba kudzipangira yokha masewera a patebulo mu 2009, m'masewera ambiri inasiya kamunthu kake kotchuka kaja n'kuika tina tating'ono kwambiri, toima pa kabatani kamodzi, topanda manja. Mu Heroica, ya mu 2011, ngwazi ikagula lupanga, lupangalo limakakhala pa kathabwa kapadera pambali, chifukwa mwini wake alibe pogwirira. Dayisi yawo inali yanzeru, ya mbali zochotseka zimene ungasinthe, koma anali atataya dzanja, chiwalo chimene chimayendetsa nkhani. Masewerawo sanakhalitse pamsika. Mu 2024, Dungeons & Dragons ikukwanitsa zaka 50, LEGO inatulutsa bokosi la Red Dragon's Tale la zidutswa 3,745, lokhala ndi nsanja, nyumba yofikira alendo ndi chinjoka chofiira. Pashelefu n'lokongola zedi, koma zipinda zake n'zothina, moti dzanja la munthu wamkulu likalowa kukasuntha kachidole limagwetsa china. Zimene zinathandizadi osewera chaka chimenecho ndi tizidole 12 togulitsidwa patokhapatokha, tina tili ndi mitu iwiri, wamwamuna ndi wamkazi, kuti wosewera asankhe yekha.

Luso la wokonza bwalo limaonekera pa masamu ang'onoang'ono amene munthu wosasewera sangawaganizire. Mapu a Dungeons & Dragons amagawidwa m'timabokosi ta inchi imodzi, imene ndi mamilimita 25 ndi pang'ono. Kuchokera pakati pa kabatani kena kufika pakati pa kanzake pali mamilimita 8. Timabatani 3 timapereka 24, pafupi ndithu ndi inchi, koma mapazi a kamunthu amatenga timabatani 2, ndiye sikangaime pakati penipeni pa bokosi la 3 pokhapokha utaika kanjerwa kapadera kosunthira kabatani pakati. Ukasankha 4 kamaima bwino ndipo chishango chake sichigundana ndi cha mnzake, koma mamilimita 32 pa bokosi lililonse amakulitsa mapu mpaka tebulo kuchepa. Palinso vuto la kumata kwenikweniko. Wongoyamba kumene amayala thabwa la timabatani paliponse, poganiza kuti ubwino wa LEGO ndi umenewo. Masewera akayamba, kusuntha kulikonse kumafuna kuzula ndi kudinikiza. Ukakoka chifuwa, miyendo imatsalira pansi, khoma loyandikana nalo n'kugwedezeka. Odziwa amayala pansi ndi tinjerwa tosalala, kachidole n'kukaimika pa kathabwa kakekake kuti kazitsetsereka, ndipo timabatani amatisiya pokhapo pamene kugwira kukufunikadi, monga pamakwerero kapena pamlatho.

Za osonkhanitsa sindichulutsa. Kuyambira mu 2010 kampaniyo yakhala ikugulitsa tizidole tobisika m'mapaketi, poyamba mitundu 16 pa gulu lililonse, ndipo anthu anaphunzira kufinya paketi ndi zala m'sitolo kuti amve ngati muli mkondo kapena chisoti. Mu 2023 mapaketiwo analowedwa m'malo ndi timakatoni, luso la zala lija n'kuthera pomwepo. Mr. Gold wa mu 2013 anapangidwa 5,000 okha, ndipo amene anamupeza sangayerekeze kumuika pabwalo la nkhondo. Mantha awo ndi omveka. Dzuwa limasandutsa zoyera kukhala zachikasu, m'mbali mwa chifuwa mumang'aluka, dzanja limene lagwira malupanga ambiri limakhwepa. Koma kachidole kotsekeredwa m'bokosi lagalasi kasiya ntchito imene kanapangidwira. Osonkhanitsa amene ndimawamvetsa ndi aja osaka msilikali wa ku Sparta wa mu 2010, kapena wachiroma wa mu 2012, mpaka apeze 20 oti apange gulu lankhondo. Iwonso ali ndi msampha wawo, wokhala ndi asilikali 20 a nkhope imodzi. Wosewera wabwino amawasintha mitu, wina wandevu, wina wachipsera, wina womwetulira mopusa, ndipo wandevuyo akapulumuka nkhondo zingapo anthu amayamba kumutchula dzina, mwini wake n'kumuveka mkanjo.

Mkangano waukulu uli pakati pa okonza tizidole. Gulu lina limakana penti, mpeni ndi guluu, limangosakaniza ziwalo zenizeni zochokera m'mabokosi osiyanasiyana. Ntchito yawo inapepuka ndi BrickLink, msika wa pa intaneti umene Dan Jezek anayambitsa mu 2000 ndipo LEGO inaugula mu 2019. Kumeneko munthu amatha kugula mutu umodzi, ndevu zokha kapena chishango chimodzi. Gulu linalo limafufuta zodindidwa pachifuwa ndi polishi ya Brasso, n'kumatapo zithunzi zopyapyala zoviika m'madzi, kapena kupaka utoto, kapena kudinda ndi makina. Ena amaumba ziwalo zatsopano, monga Will Chapman wa BrickArms ku America, amene mu 2006 anayamba kupanga timfuti ta nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, poti LEGO sipanga zida zankhondo zamakono zofanana ndi zenizeni.

M'gulu lachiwirili muli amisiri a manja abwino kwambiri, koma ambiri akulondola njira yosafika patebulo. Amadinda makwinya pachipumi, mthunzi pansi pa maso, matumba ndi malamba mpaka m'mbali mwa miyendo. Pachithunzi chojambulidwa pafupi zimagometsa. Kachidole komweko ukakaika mita imodzi kuchokera pamene wakhala, pansi pa babu la pabalaza, umangoona kachinthu kotuwa pakati pa tinzake totuwa, ndipo masewera amaima munthu akuweramira kuti aone wanyamula wailesi ndi uti. Diso likakhala patali limagwira chimene chili kumutu, chimene chili m'manja ndi mtundu wa chifuwa, zina zonsezo zimasowa. Amene anajambula achifwamba apanyanja a mu 1989, oyamba kusiya kumwetulira kumodzi kwa tizidole tonse, ankadziwa zimenezi. Kapitawo wawo anamupatsa ndevu, chigamba padiso, mbedza m'malo mwa dzanja ndi mwendo wathabwa, basi, ndipo ungamuzindikire uli pakhomo. Penti nayo ili ndi mavuto ake. Yopakidwa m'kati mwa dzanja imasupuka lupanga likangolowa kangapo, yopakidwa pakhosi imathinitsa mutu mpaka kukana kuzuka. Ndipo amene wafika pomata chisoti ndi guluu wangodzipangira msilikali wa Warhammer wosaoneka bwino, wa mawondo osapindika.

Komabe pali pamodzi pamene sindingaime ndi okana penti. Kampaniyo yakhala ikunena kuti chikasu sichiimira mtundu uliwonse wa anthu. Mu 2003 inatulutsa osewera basketball a NBA ali ndi khungu lofanana ndi la eni ake, ndipo chaka chomwecho Lando Calrissian wa mu Star Wars anatuluka ndi mutu wabulauni m'bokosi limene Luke ndi Leia anali achikasu. Ngati chikasu chinali cha aliyense, bwanji Lando yekha sichinamukwane? Kuyambira mu 2004 anthu a m'mafilimu anayamba kupatsidwa khungu la mtundu wawo, koma kwa zaka zambiri mitu yakuda inali yochepa poyerekeza ndi yachikasu ndi yoyera, ndipo yambiri inali nkhope ya munthu wina wodziwika kale. Wosewera wofuna mfumukazi yakuda yokwiya, kapena nkhalamba yakuda yoseka, ankasaka mpaka kutopa. Akapeza mutu, manja ayeneranso kusinthidwa, ndipo kuzula timanja mobwerezabwereza kumang'alula mkono. Akathana nazo zimenezo amapeza kuti pachifuwa, pamene malaya atseguka, anadindapo kakhungu kachikasu. M'zaka zaposachedwapa mitundu ya khungu yawonjezeka, koma zifuwa zakale za achifwamba ndi alimi, zimene osewera amazikonda, zidakali ndi kachikasu kaja. Ena amakabisa ndi ndevu zazitali kapena mpango wa m'khosi. Pamene sizingatheke, wokonza amatenga burashi yopyapyala kwambiri n'kupaka utoto wabulauni pa kadanga kameneko kokha, osafika polowera mutu kapena m'kati mwa dzanja.