Helikopita ya Papepala: Kodi Manambala Aiwala Ndani?

Mwezi uno pa tsamba lathu la mabuku tifuna kuona buku lacilendo pang'ono. Ndi buku la masewera lochedwa Rifts Sourcebook Four: Coalition Navy, limene kampani ya Palladium Books ya ku Michigan, m'dziko la America, inasindikiza mu 1997. M'bukuli muli sitima za nkhondo za pamadzi, ndeke, ndiponso helikopita yoopsa yochedwa Sea Wasp, imene inyamuka pa sitima kukamenya adani. Helikopita imeneyi siipezeka kulikonse pa dziko, iri papepala cabe. Komabe itionetsa bwino mmene nkhondo amaikometsera kuti ikondweretse maso a acinyamata.

Masewera a Mtundu Wanji?

Mwina ena a inu simunaonepo masewera otere. Anayamba mu 1974 pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons. Anthu anai kapena asanu amakhala mozungulira thebulo. Mmodzi amakhala mtsogoleri wosimba nkhani, monga acitira agogo posimba nthano madzulo, koma pano omvera nawonso ali m'nkhanimo. Aliyense amatenga munthu wake: wina msilikali, wina dokotala, wina woyendetsa ndeke. Wosewera akati awombere, amaponya madayisi onga a ludo, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo inena ngati walasa kapena waphonya.

Masewera a Rifts anawalemba ndi Kevin Siembieda ndipo anatuluka mu 1990. Nkhani yake icitika zaka pafupifupi 300 pambuyo pa tsoka lalikulu limene linapasula maiko onse. Panatseguka ming'alu m'mlengalenga, ndipo zolengedwa za kwina zinalowera m'ming'aluyo kubwera kudzakhala pa dziko lathu.

Zimene Bukuli Lacita Bwino

Tiyambe ndi kuyamikira. Olemba Rifts salemba mwaulesi ai. Cida ciriconse ciri ndi malo ake: liwiro lake, kulemera kwake, anthu angati akweramo ndi mizinga ingati inyamula. Ngakhale ziwalo zake ziri ndi manambala, thupi nambala yake, mapiko ozungulira nambala yao. Wofuna kusewera bwino ayenera kuwerenga Cingerezi, kucita masamu a pamutu ndi kumverana ndi anzake. Izi ndi zabwino ndithu.

Ndiponso ganizo la helikopita ya pa sitima sanalitole m'maloto. Pa 25 April 1982, pa nkhondo ya Falklands, mahelikopita a Britain ocokera pa sitima anawononga Santa Fe, sitima ya Argentina yoyenda pansi pa madzi, pafupi ndi cisumbu ca South Georgia. Conco olemba anatenga cinthu ceniceni nacikuza. Anangocepetsa mabvuto ake. Helikopita yeniyeni ya panyanja idyewa ndi dzimbiri cifukwa ca mcere, ifuna amakanika tsiku ndi tsiku, ndipo kutera usiku pa sitima yogwedezeka ndi mafunde ndi nchito yoika moyo pangozi. Ya papepala imakhala yokonzeka nthawi zonse.

Cimene Cisoweka

Cilema cacikulu ciri pa kawerengedwe. Mu Rifts muli miyeso iwiri ya kuwononga. Muyeso wa zinthu wamba monga nkhonya, mpeni ndi mfuti za masiku ano uchedwa S.D.C. Wa zida za mtsogolo uchedwa Mega-Damage, ndipo pointi imodzi ya Mega-Damage ilingana ndi mapointi 100 a S.D.C. Munthu wamba wosabvala cobvala ca nkhondo safika nkomwe pa 100. Kunena kwina, kacipolopolo kocepetsetsa ka helikopitayi kakwanira kupha msodzi m'bwato lake nthawi yomweyo, pamene mzinga umodzi uwononga mapointi makumi-makumi.

Tsono taonani. Tsamba la cidaco liwerenga mizinga ndi mtunda umene ifika. Koma liribe mzere wa ana amasiye, liribe mzere wa nyumba zopsa, liribe mzere wa woyendetsa amene alephera kugona usiku pokumbukira zimene anacita. Mdani akafa, wosewera amafufuta nambala ndi labala basi, nkhani nipitirira. Kodi munthu wozolowera kuwerenga motere sadzayamba kuganiza kuti nkhondo ndi mpikisano wa makina?

Mwini Wake Ndani?

Funso lina ndi ili: helikopitayi ndi ya yani? Ndi ya boma lochedwa Coalition States, limene m'nkhaniyi lilamulidwa ndi mfumu yankhanza, Karl Prosek, kucokera mu mzinda wa Chi-Town pafupi ndi mabwinja a Chicago. Boma limeneli silifuna kuti anthu wamba aphunzire kuwerenga. Lizunza ndi kupha zolengedwa zocokera kwina, zimene azicha D-Bees, ngakhale zija zosalakwa zimene zifuna cabe malo olima ndi kulera ana. Zisote za asilikali ake zioneka ngati cibade ca munthu wakufa.

Kunena zoona, olemba sabisa kuti boma limeneli ndi loipa. Ndiponso kumayambiriro kwa mabuku a Rifts kumakhala cenjezo lakuti muli zaciwawa zosayenera ana ang'ono. Koma mau anena cina, zithunzi zinena cina. Zida za ankhanzawa azijambula zokongola, zakuda bii ndi zonyezimira, kotero kuti mnyamata wotsegula bukuli ayamba kusirira asanawerenge ngakhale mzere umodzi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Kumwamba ndi Pansi

Wina anganene kuti awa ndi masewera cabe. Inde, koma kuona anthu ngati manambala kucitikanso pa nkhondo zenizeni. Pa 12 July 2007 mahelikopita a Apache a asilikali a America anawombera gulu la anthu mu mzinda wa Baghdad ku Iraq. Pakati pa akufa panali anchito awiri a bungwe la nkhani la Reuters, ndipo ana awiri amene anali m'galimoto anapwetekedwa. Kanema wojambulidwa ndi kamera ya helikopita anatulutsidwa mu 2010. Woonera kanemayo aona anthu ngati tizithunzi ting'onoting'ono totuwa. Umo ndi mmene zionekera kumwamba.

Ife a mu Zambia tidziwa mmene zimvekera pansi. Pa 19 October 1978 ndeke za boma la Ian Smith la Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mahelikopita a Alouette okhala ndi mfuti za 20 mm anazungulira pamwamba nawombera. A Rhodesia anati unali msasa wa asilikali, pamene a ZAPU anati munali othawa nkhondo. Anthu oposa 200 anafa. Funsani akulu amene anali mu Lusaka masiku amenewo, adzakuuzani za mantha amene anagwira mzinda. Kwa iwo phokoso la mapiko a helikopita silinali lokondweretsa.

Nanga Titani?

Sitikunena kuti bukuli liocedwe kapena kuti masewera otere ndi oletsedwa. Ubwino wa masewerawa ndi wakuti nkhani iri m'manja mwa osewera, osati mwa wolemba. Cimene tsamba lasiya, mtsogoleri wa nkhani akhoza kucibwezera. Apatse dzina mudzi wa asodzi umene helikopita ipita kukaphulitsa. Aike wosewera mmodzi m'bwato, wina pa mpando wa woyendetsa amene walamulidwa kuwombera anthu osalakwa. Kodi amvera lamulo kapena akana? Akakana, cidzamcitikira nciani? Pamenepo ndiye nkhani ikoma, pakuti madayisi sangayankhe funso lotere.

Conco ciweruzo cathu ndi ici: ngati buku la makina, Coalition Navy ndi lolembedwa mwaluso, ngati buku la nkhondo, linena theka cabe. Woliwerenga aziwerenga maso ali gwa, akumbukire kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Zokambirana m'Gulu Lanu

1. Chulani filimu kapena masewera amene munaona momwe cida ca nkhondo cinakometsedwa koposa anthu. Anacikometsa bwanji?

2. Mukanakhala woyendetsa helikopita wolamulidwa kuwombera mudzi, mukanacita ciani?

3. Ndani kwanu amene akumbukira zocitika za mu 1978? Mupempheni abwere adzasimbire gulu lanu.