Ulemu kwa Amisiri Okonza Makompyuta Akale

Ndikuvulira chipewa amisiri amene amatsegula kompyuta yakale m'malo moitaya kudzala. Ku Neno, kumene fumbi la m'chilimwe limalowa paliponse ndipo zipangizo zatsopano zimachokera ku Blantyre, luso lawoli ndi chuma.

Mmisiri amatsegula bokosi la kompyuta, amapukuta fumbi pa fani, amasintha kabatire ka CR2032 kosunga nthawi, kenako amalowetsa RAM ina m'mipata ya pa motherboard mpaka itagwira bwino. Hard disk yotopa amaichotsa n'kuikamo SSD. Bokosi likachita dzimbiri, amasamutsira zonse m'lina lolowa mpweya wokwanira. Nzeru yosiya mipata yoonjezera zipangizo inafala ndi IBM PC ya 1981, yomwe inali ndi mipata 5.

Kuno kwathu lusoli lathandizapo odwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, a Baobab Health ku Lilongwe ankatenga timakompyuta ta i-Opener tomwe tinali titatha ntchito ku America, n'kutisintha kuti tizilembera odwala pachipatala pongokhudza sikirini ndi chala. Ku Neno nako, Abwenzi Pa Za Umoyo, amene akhala akugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira 2007, amasunga mbiri za odwala pakompyuta. Makina otere amafunika manja owasamalira.

Kompyuta iliyonse imene mmisiri waukitsa imatsegulira mwana wasukulu mwayi wophunzira kutaipa. Amisiri inu, zikomo kwambiri. Phunzitsani achinyamata a ku Lisungwi, Zalewa ndi Neno Boma kuti lusoli lisathe.