Khutu ndilo liweruza, osati mtengo

Atsogoleri a makalasi, lero tiyerekeze timahedifoni tiwiri tolowetsa m'khutu, tonse todula: Shure SE846 ka ku America, kotuluka m'caka ca 2013, ndi Sennheiser IE 900 ka ku Germany, ka 2021. Potuluka, koyambako kadagulidwa pafupifupi madola 1,000, kaciwiriko kupyola pamenepo.

A Shure adaika timasipika tinayi m'khutu lililonse, ndi tosefera tosintha nato kamvekedwe. Mau a munthu amamveka pafupi, onenepa, koma maseche amazilala pang'ono. A Sennheiser adakhulupirira kasipika kamodzi ka mamilimita 7. Ng'oma imagunda pansi penipeni, maseche ali waliwali, koma woimba amakhala ngati wabwerera m'mbuyo, ndipo "s" nthawi zina amalasa.

Ife tikuti: pomvera nkhalamba ikusimba mbiri ya mudzi, Shure ndiye wapambana. Pomvera gule, Sennheiser.

Nanga bwanji akatswiri sagwirizana? Cifukwa ngalande ya khutu siifanana munthu ndi mnzake. Kamphira kakapanda kutseka bwino, mau aakulu amathawa, ngakhale mudalipira zingati. Komanso munthu akamakula amayamba kusamva mau ang'ono okwera, tsono comwe cilasa mnyamata, mkulu aciyesa cabwinobwino.

Conco musagule cifukwa wina watama. Cakomacakoma pusi adagwa cagada. Yambani mwamvera mau amene muwadziwa kale, ndipo musakweze kwambiri, pakuti makutu akagontha ndi phokoso sacira.