Dzina la Seydou Keïta: Adalipereka Ndani?

M'chaka cha 1991 ku New York kudachitika chionetsero chotchedwa Africa Explores. Pakhoma padapachikidwa zithunzi zingapo za anthu a ku Bamako, likulu la dziko la Mali, ndipo m'munsi mwake mudalembedwa kuti wozijambula sadziŵika. Mau ameneŵa ndiwo andigwiritsa cholembera. Sadziŵika kwa yani? Ku Bamako mwini zithunzizo, Seydou Keïta, adali moyo, ndipo zithunzi zake zidali m'nyumba zambiri za mumzindawo.

Keïta adali mwana wa kalipentala. Adayamba kujambula ndi kamera ya Kodak Brownie imene mbale wake adampatsa mu 1935, ndipo mu 1948 adatsegula situdiyo yake ku Bamako-Coura. Ankajambulira pabwalo, ndi kuŵala kwa dzuŵa. Kumbuyo kwa wojambulidwa ankapachika nsalu, ndipo ankabwereka makasitomala ake wailesi, wotchi, cholembera kapena njinga yamoto ya Vespa, kuti munthu aoneke monga momwe mtima wake udafunira. Pofuna kusunga filimu, kaŵirikaŵiri ankatola kamodzi kokha. Mu 1962 boma la Mali lidamlemba ntchito yojambula, ndipo adapuma mu 1977.

Luso lake ndilosakayikitsa. Taonani zithunzi zake za amayi ovala nsalu zamaluŵa atakhala patsogolo pa nsalu inanso yamaluŵa. Wojambula wamantha akadaopa kuti maluŵa adzamiza munthu. Keïta adawasiya kuti alimbane okhaokha, ndipo m'kati mwa phokoso lonselo nkhope ndi manja zimatuluka zili phee. Ankadziŵanso kupendeketsa mutu wa munthu pang'ono ndi kuika dzanja pamalo pake. Ameneyu sadali wongodina batani ayi.

Nanga dzina la kunja lidadza bwanji? Jean Pigozzi, munthu wachuma wosonkhanitsa zaluso za mu Africa, adaona zithunzi zija ku New York natuma André Magnin kuti akafunefune mwini wake. Atafika ku Bamako, wojambula wina, Malick Sidibé, adangoziyang'ana nanena kuti n'za Keïta. Chinsinsi chimene chidazunguza New York chidamasulidwa ndi mnansi. Mu 1994 Fondation Cartier ku Paris idaonetsa zithunzi za Keïta payekha, ndipo mu 1997 zidafika ku Gagosian Gallery ku New York. Iye adamwalira ku Paris mu 2001 dzina lake litamveka dziko lonse.

Apa ndipo pali nkhani yanga. Chithunzi chimene Keïta ankapereka kwa kasitomala chidali chaching'ono, masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali, choti munthu atumize kwa abale kumudzi kapena apachike m'chipinda. Chimene chidapachikidwa ku New York chidatsukidwa mwatsopano ku Ulaya, chachikulu kupitirira mita, chakuda bii ndi choyera mbee. Filimu ndi yomweyo, koma ntchito yake yasintha. Chaching'ono chija chinkanena kuti, "Ndine pano, zinthu zikundiyendera." Chachikulu chikunena kuti, "Nayi Africa ya kale." Ndiponso ambiri mwa anthu ojambulidwawo maina awo sadziŵika. Wojambula adapeza dzina, koma amene adalipira ndalama zawo kuti ajambulidwe ndiwo adasanduka osadziŵika.

Ena adzati ndikuda alendo. Iyayi. Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pakadapanda Magnin enafe sitikadamva za Keïta. Chimene ndikukana ndi chizoloŵezi chonena kuti munthu "watulukiridwa" tsiku limene Paris yamuona, ngati kuti anthu ankhaninkhani amene adaima pamzere pa situdiyo yake adalibe maso. Dzina loyamba adampatsa ndi a ku Bamako. Lachiŵiri lidachokera kwa eni makoma, eni ndalama ndi olemba mabuku, ndipo lidadza ndi mavuto ake: atamwalira padabuka mkangano wofika kubwalo la milandu pa za mwini mafilimu ake.

Tsono inu anzanga amene mumayenda ndi kamera pano pasukulu, mukufunsa kuti mudziŵike bwanji. Nkhani ya Keïta ikundiphunzitsa zinthu ziŵiri. Choyamba, iye adasunga mafilimu ake zikwizikwi mosamala kwa zaka zambiri, pamene padalibe womlonjeza chionetsero. Alendo atafika adapeza nkhokwe yodzaza. Sungani ntchito yanu, ndipo lembani dzina lanu, la wojambulidwa, malo ndi chaka. Chachiŵiri chikukhudza ife olemba. A ku Mali sadangokhala: kuyambira 1994 mzinda wa Bamako udayamba kuchititsa chionetsero chachikulu cha ojambula a mu Africa, ndipo mu 2007 Sidibé uja adalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice. Nanga ife? M'matauni mwathu muli ojambula amene atola maukwati, maliro ndi misonkhano kwa zaka makumi angapo. Timakangana usiku wonse za ndakatulo imodzi, koma ndani mwa ife adakhalapo pansi kulemba tsamba limodzi lounika chithunzi cha wojambula wa kwawo? Tikapitiriza kukhala chete, tsiku lina tidzaŵerenga pakhoma la kutali kuti wojambula wake sadziŵika, pamene tonsefe tikudziŵa khomo la nyumba yake.